Adandidula nkhama ku Glasgow

Dzino lidathyoka Lachisanu usiku, ndikukukuta chimanga chokazinga chomwe Amayi adapatsira munthu wina wobwera kuno. Chidafika m'botolo la Sobo, chosakaniza ndi mtedza, kukamwa kwa botololo atakulungako kapulasitiki n'kumanga ndi linya. Ndinkachidya mowerengetsa, kachikhatho kamodzi ndikaweruka kuntchito, kuti chindifikitse Khirisimasi. Usiku umenewo ndidamva kuti khu! kumbuyo kwenikweni, mbali ya kumanja, ndipo ndidaganiza kuti ndaluma kamwala. Nditalavulira m'manja ndidapeza kuti kamwalako ndi theka la dzino langa.

Silidawawe. Dzinolo lidali lakufa kale: miyezi ingapo m'mbuyomo adokotala adalichotsa mtsempha n'kulimata, ndipo adandichenjeza kuti dzino lotere limasanduka ngati mbiya yakale, lifunika kulivindikira msanga lisanang'aluke. Ndidayankha kuti ndamva, koma ndalama ya chivindikirocho ndidatumiza ku Ntcheu kukagulira feteleza.

Lolemba adandijambula, chithunzi chidatuluka pakompyuta, ndipo adokotala adatenga cholembera n'kuyamba kundijambulira papepala ngati mwana wa Sitandade 3. Mng'alu udatsika mpaka kulowa pansi pa nkhama. Kachipewa kovindikira dzino, komwe kuno amati crown, sikangagwire pamalo opanda pogwira. Kamafuna khoma la dzino lolimba lozungulira, la mamilimita ngati awiri, loti kalikumbatire monga mkombero wachitsulo umagwirira mpini kuti usang'ambike. Komanso m'mphepete mwa kachipewako simuyenera kuyandikana kwambiri ndi fupa. Pakati pa ziwirizi pamafunika mpata wa mamilimita ngati atatu, poti m'menemo ndi momwe nkhama imadzimatira kudzino. Ukaupanikiza mpata umenewu nkhama imakwiya, imatupa, imatuluka magazi chaka ndi chaka, fupa n'kumadyeka lokha. Ndiye njira zidali ziwiri. Kuzula, kapena kupita kwa katswiri wa nkhama kuti akatsitse nkhama ndi kupala fupa pang'ono, dzino lomwe lidabisala pansi lituluke poyera. Dzina la opaleshoniyo ndi crown lengthening, ngakhale kuti palibe chimene amachitalikitsa. Amangofukula, monga timafukulira chitsa tikafuna pomangirira chingwe.

Madzulo ndidaimba foni kumudzi. Kuno ikakhala nyengo yozizira, kwathu amakhala patsogolo ndi maola awiri, ndiye ndidawapeza atadya kale, akuwotha moto.

"Akudule chiyani?"

"Nkhama, Amayi."

"Lathyoka ndi dzino, iwo akukadula nkhama? Iwe mwanawe, azungu akowo ali bwinobwino? Bwanji osangozula ugone tulo?"

Ndidaseka, koma funso lawo lidali lomwe ndidabwera nalo ine m'basi njira yonse. Kwathu dzino likavuta limazulidwa, nkhani n'kuthera pomwepo. Ndidakula ndikuwaona anthu pabenchi la kuchipatala cha boma, m'mamawa kuli chisanu cha ku Ntcheu chija, wina atamanga nsagwada ndi chitenje, wina atagwira tsaya akugwedeza mutu, onse kudikira chitseko chimodzi. Akatuluka amakhala ataluma thonje, dzino lili m'kapepala. Ambiri amafika kumeneko atayesa kale zonse, mchere, Panado wophwanya n'kuthira pabowo, mizu, ena mpaka mafuta a mabuleki a galimoto, zinthu zowotcha nkhama zomwe sindingalangize ngakhale mdani wanga. Pofika pabenchipo dzino limakhala litatha, ndipo wogwira ntchito m'chipindamo sangachitire mwina. Sindikuwanena. Ambiri mwa iwo ndi madental therapist ophunzira ku Malawi College of Health Sciences ku Lilongwe, ndipo anthu amenewa asenza mano a dziko lonse kwa zaka zambiri. Pamene kalembera wa 2018 ankapeza kuti tilipo 17.5 miliyoni, madokotala a mano enieni m'dziko lonse sankakwana 50. Amayi anga atsala ndi mano owerengeka. Nyama amaidula tizidutswa ndi mpeni asanadye, ndipo nzimbe, zomwe kale ankasenda ndi mano akuyenda kuchokera kudimba, adazisiya osatsanzika.

Chomwe chidandidabwitsa nditafika kuno n'chakuti nawonso eni dziko adadutsa momwemo. Ndimagwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba. Usiku uliwonse ndikawagoneka, ndimatolera mano oikirira, ndimawatsuka ndi kamswachi pansi pa mpopi, kenaka ndimawaika m'timakapu tolembedwa maina kuti asasokonekere, poti mano a munthu wina salowa m'kamwa mwa mnzake. Gogo wina wamkazi adandiuza kuti ake onse adazulidwa tsiku limodzi ali mtsikana, asanakwatiwe, ndipo ankanena mosadandaula, ngati akusimba za kumeta tsitsi. Kafukufuku wa mu 1972 adapeza kuti akuluakulu 44 pa 100 alionse ku Scotland adalibe ngakhale dzino limodzi lawolawo. Choncho luso lomenyera nkhondo dzino limodzi, mpaka kuyeza mamilimita, si lakalekale ayi. Agogo amene ndimawasambitsawa sadalipeze.

Ndipo mzinda wa Glasgow womwewu uli ndi dzanja pa mano a kwathu. Mu 2019, ku College of Medicine ku Blantyre, komwe tsopano ndi Kamuzu University of Health Sciences, kudayamba maphunziro oyamba a udokotala wa mano m'Malawi, mothandizana ndi University of Glasgow kudzera m'ntchito yotchedwa MalDent, ndi ndalama za boma la Scotland. Kale wofuna udokotala umenewu ankayenera kutuluka kunja. Ndikamadutsa pa Sauchiehall Street, pomwe pali chipatala chophunzitsirako za mano, ndimayang'ana mawindo ake ngati ndikuyang'ana nyumba ya achibale omwe sakundidziwa.

Ndidasankha kusunga dzino. Kunena zoona, sindikudziwa ngati ndidasankha ndi nzeru kapena ndi mantha oti ndidzatsike ndege ku Lilongwe ndili ndi gweru, anthu n'kumati kunja kwamudya.

Tsiku la opaleshoni adandipatsa fomu. Pamzere wina padali funso loti ndilembe munthu amene angamuimbire zinthu zikavuta. Ndidakhala nacho cholembera m'manja nthawi yaitali. Kwathu funso limeneli silifunsidwa, chifukwa yankho lake limakhala litakhala kale pakhonde la chipatala ndi mtolo wa nkhuni, poto ndi ufa m'kathumba. Munthu sapita yekha kokadulidwa. Amapita ndi womudwazika, ndipo womudwazikayo amapitanso ndi womuperekeza. Ine ndidalemba nambala ya abwana a kuntchito.

Katswiriyo adali mayi wodekha, wolankhula Chingerezi cha kuno chomwe mpaka lero ndimachimva ndi khutu limodzi. Adandibaya jakisoni wa dzanzi kunja ndi m'kati mwa nkhama. Patapita mphindi zochepa tsaya lidalemera ngati si langa, mlomo udagwa mbali imodzi, lilime lidasanduka chinkhupule. Ululu sindidaumve ngakhale pang'ono, koma china chilichonse ndidachimva. Ndidamva kampeni kakuyenda m'mbali mwa dzino ngati munthu akulemba mzere pansalu. Ndidamva akukankha nkhama kuichotsa pafupa, osati pa dzino lothyokalo lokha komanso pa oyandikana nalo, kuti mzere wa nkhama udzatsike mofanana, pasadzakhale dzenje losunga zakudya. Kenaka kamakina kadayamba kulira, madzi ozizira akuthira, kapaipi kakuyamwa, ndipo kunjenjemera kwake kunkafika mpaka m'khutu. Apo ndiye ankapala fupa. Akapala pang'ono ankaima, n'kulowetsa kachitsulo kokhala ndi timizere, kuwerenga, kupalanso. Ndidatseka maso, ndipo chomwe chidandibwerera ndi chigayo cha pa Lizulu tsiku la msika, phokoso lolowa m'mafupa lija, ife ana titakhala pamatumba kudikira, nsidze zitayera ndi ufa, kunja amayi akuitanira kachewere ndi kabichi m'mbali mwa msewu wa M1, uku Malawi uko Mozambique. Misozi idatsikira m'makutu. Namwino adandigwira phewa n'kufunsa ngati ndikumva kuwawa. Ndidapukusa mutu. Ndikadamuuza chiyani, kukamwa kuli yasa, m'kamwa muli manja a anthu awiri?

Pasanathe ola adasoka. Ulusi ndidaumva ukudutsa pakati pa mano, kukoka, kumanga. Adandilumitsa kansalu n'kundipatsa pepala la malangizo: lero osachukucha, osalavula mwamphamvu, osadya kapena kumwa zotentha dzanzi lisanathe, osasuta, osanyamula zolemera. Kuyambira mawa kuchukucha pang'onopang'ono ndi madzi ofunda a mchere komanso mankhwala a chlorhexidine, mswachi osaufikitsa pabala. Zakudya zofewa zokhazokha. Kubweranso pakatha sabata ndi masiku angapo kudzachotsa ulusi.

Nditatuluka nthawi idali isanakwane 4 koloko koma kunja kudali kutada kale, monga kumachitira mu Disembala kuno, kamvula kosatha kaja kakuwaza cham'mbali. M'basi ndidakhala pafupi ndi windo, dovu likutsika pakona ya mlomo ine osalimva. Palibe adandiyang'ana. Anthu a kuno ndi aulemu, ndipo ulemu wawo ndi wosakuyang'ana. Mu minibasi ya kwathu mayi wina akadafunsa kale kuti, "Pepani asisi, ndi dzino?" ndipo pofika pa siteji basi yonse ikadakhala itandiuza za mano awo, a amuna awo ndi a apongozi awo.

Dzanzi lidatha cha m'ma 7 koloko, ululu n'kubwera tsopano, wogunda ngati mtima. Ndidamwa mapiritsi, ndidaika paketi ya nsawawa zozizira za mufiriji patsaya, n'kukhala pabedi. Mnzanga amene timagawana nyumba adali pa shifiti ya usiku. M'nyumba monse munkangomveka mapaipi otenthetsa akuchita thethethe.

Odwala kwathu sakhala chete chotere. Ndikukumbuka chaka chomwe Amayi adazulitsa mano awiri tsiku limodzi. Dzuwa lisanapendeke pakhomo padali patadzaza. Azakhali adabwera ndi phala la mgaiwa lothira nsinjiro m'kambale kovindikira, atakamanga m'kansalu. Amayi a Mvano adafika atatu, adakhala pamphasa miyendo tambalale, adapemphera, kenaka adayamba nkhani za maliro a kutsidya ndi mtengo wa feteleza, wodwala ali gone pakati pawo akungoyankha ndi mutu. Wina adasesa pabwalo osatumidwa. Wina adatenga ndowa kupita kumjigo. Malume adangoima pakhomo, chipewa m'manja, n'kunena kuti, "Mwaswera bwanji, alongo? Tamva." Basi, n'kukhala pachitsa ola lathunthu osanenanso kanthu. Nthawi imeneyo ine ndinkaona ngati chipwirikiti. Ndinkati munthu wadwala, bwanji osamusiya apume? Lero ndapuma, ndapumadi mokwanira, m'chipinda chofunda chokhala ndi magetsi osazima, ndipo ndikadapereka malipiro a sabata yonse kuti wina angokhala pampando apo osanena kanthu.

Masiku atatu oyamba ndidakhalira phala la oats, lomwe eni ake kuno ena amathira mchere m'malo mwa shuga, ndi mbatatesi yopota. Mbatatesi ya kuno ndi yaikulu, yoyera bwino, koma ilibe fungo la dothi la ku Tsangano. Tsiku lachinayi ndidalephera kupirira. Ndidatenga ufa wa ku South Africa womwe timagula m'mashopu a zakudya za ku Africa, ndidaphika nsima yofewa ngati ya mwana wongoyamba kudya, ndi therere la mufiriji lothira soda pang'ono. Ndidaidikira kuti izizire, chinthu chomwe kwathu ndi chipongwe kwa wophika. Ndinkatema kambamu kakang'ono, kukaviika, kukaika mbali ya kumanzere, n'kumeza osatafuna. Therere ndi ndiwo ya munthu wosokedwa m'kamwa, limatsetsereka lokha. Ndidadya nditaimirira pafupi ndi sinki.

Tsiku lomwelo foni idalira, vidiyo. Adali mwana wanga wamkazi, wa zaka 6, yemwe ndidamusiya ndi Amayi. Kuyambira mu Malichi 2024 boma la Britain lidaletsa obwera kudzagwira ntchito yosamalira okalamba kubweretsa mabanja awo, ndipo ine ndidafika lamulolo litayamba kale. Adayandikitsa nkhope pafoni mpaka kudzaza galasi lonse, n'kumwetulira. Dzino lakutsogolo padalibe.

"Amama, taonani! Lachoka lokha. Agogo anati ndiponye padenga."

"Waponya?"

"Eee, koma linagwa, ndiye ndinaponyanso."

Ndidafuna kuseka koma ulusi udakoka. Dzino loyamba la mwana wanga lidagwedera, lidachoka, lidakwera padenga kawiri, ine kulibe. Ndidali kuno kulondera langa lakufa, lomwe ndalilipirira ndalama zoti zikadamulipirira iye sukulu yabwino. Pansi pa NHS, chithandizo cha zaumoyo cha boma, ku Scotland wodwala mano amalipira 80 pa 100 ya mtengo, osapitirira £384 pa chithandizo chimodzi, koma kwa katswiri wa nkhama ndidapita kolipira ndekha, ndipo ndalama yake sindidawauze Amayi. Chiyambire pomwe kwacha idagwa ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, paundi iliyonse ndikaisandutsa m'mutu imatuluka matumba a chimanga, ndipo munthu sungadye bwino ukamawerenga chotero. Walira mvula walira matope. Ndidafuna kunja ndine.

Mlendo mmodzi yekha adabwera, Lamlungu. Ndi mayi wa ku Chipata amene timagwira limodzi ntchito, wamkulu kwa ine. Adagogoda, adalowa ndi poto m'chikwama cha pulasitiki, n'kunena kuti, "Mwana wanga, ninamvela kuti bakucita opaleshoni. Ungankhale bwanji weka?" Chinyanja chake cha ku Zambia chija, chomwe masiku ena ndimamuseka nacho, tsiku limenelo chidandilowa ngati madzi ofunda. Mupoto mudali phala la mpunga lothira chiponde. Adakhala maola awiri, adatsuka mbale zanga, adandidzudzula kuti makatani ndi akuda, n'kupita kukakwera basi.

Ulusi adachotsa patatha masiku khumi. Nditafika kunyumba ndidatsegula kukamwa pagalasi, tochi ya foni m'manja. Dzinolo lidaoneka lalitali modabwitsa, ngati chitsa chomwe madzi a mvula akokolola dothi lake, ndipo oyandikana nalo adaonetsa makosi achikasu omwe sindidawaonepo chibadwire. Mbali imeneyo ya dzino ilibe chikopa cholimba choyera chija, nkhama ndiyo idali chofunda chake. Ndiye oyandikana nalo amoyowo adayamba kunyerenyetsa. Madzi a pampopi, mpweya wa m'mawa pa siteji ya basi, mphepo yochokera ku mtsinje wa Clyde, chilichonse chozizira chinkalasa mpaka m'diso. Adandiuza kuti ndi mmene zimakhalira, ndigule mankhwala otsukira mano oletsa kunyerenyetsa, zidzachepa pakapita masabata. Ndidaphunzira kuyenda nditatseka pakamwa, sikafu mpaka m'mphuno. Kachipewa kenikeni adati ndidikire miyezi itatu kuti nkhama ikhazikike pamalo ake atsopano, chifukwa ukafulumira imasuntha n'kusiya m'mphepete poyera. Kwa mano akutsogolo akuti amadikira mpaka miyezi isanu ndi umodzi.

Za mano akutsogolozo ndidazionera m'chipinda chodikirira, m'kabuku kokhala ndi zithunzi za anthu asanadulidwe ndi atadulidwa. Opaleshoni yomweyi ena amaichita mano ali abwinobwino, chifukwa choti akaseka nkhama zimaoneka kwambiri. Ndalama ndi zawo, kukamwa ndi kwawo, ndipo ndikudziwa kuti pali anthu amene amavutikadi mumtima mpaka kumaseka atatseka pakamwa ndi dzanja. Koma ine ndidayang'ana chithunzi cha mtsikana wina asanadulidwe, ndipo ndidaona achemwali anga akulu, amene akaseka amaponya mutu kumbuyo, nkhama zonse poyera, kuwomba m'manja n'kugwira mnzawo paphewa kuti asagwe. Palibe adawauzapo kuti chimenecho ndi chilema. Pamudzi timadziwa kuti nkhani yakoma tikaona nkhama za achemwali.

M'miyezi yodikirayo, tsiku lina lopuma ndidakwera sitima ku Glasgow Central kupita ku Blantyre wa kuno ku Scotland. Ndi ulendo wa mphindi ngati 20. Ndinkangofuna kuona dzinalo litalembedwa pa siteshoni, ndijambulitse, nditumize kwathu. Ndi katauni kachete m'mbali mwa Clyde, kopanda Ndirande, kopanda Limbe, kopanda wokuitanira minibasi. Kumeneko kuli nyumba yomwe David Livingstone adabadwira mu 1813, chipinda chimodzi banja lonse, pafupi ndi pomwe padali fakitale ya thonje yomwe adayamba kugwirako ntchito ali ndi zaka 10. M'makalata a zaka zake zomaliza ku Africa, mkuluyu adadandaula kuti mano ake adathyoka ndi kugwedera chifukwa cholimbana ndi chimanga cholimba. Nditakumbukira zimenezo ndili m'bwalo la nyumbayo ndidaseka ndekha, mphepo n'kundilasa pa dzino. Iye adachoka pano kukathyola mano ndi chimanga cha kwathu. Ine chimanga chomwecho chidachita kunditsatira pandege.

Kachipewa adaika kumapeto kwa Malichi, masiku atayamba kutalika. N'koyera, kosalala, lilime silipeza polumikizira. Adokotala adandipatsa galasi ndipo adaoneka okondwa kuposa ine. Adati ndikalisamala, ndikumatsuka pakati pa mano ndi timiswachi ting'onoting'ono tija, likhala zaka zambiri. Adawonjeza kuti zinthu zolimba kwambiri ndizipewe, ndipo adafunsa kuti kodi chidathyola dzinolo chidali chiyani. Ndidayesa kufotokoza chimanga chokazinga m'Chingerezi, iwo adamva ngati ndikunena mbuliwuli, ine ndidangovomera.

Amayi nditawaonetsa pavidiyo adayandikitsa diso, adakhala chete, kenaka adati, "Lili ngati lenileni. Koma wawonda." Ndawauza achemwali kuti dzino lina la Amayi likadzayamba kuvuta asadzadikire kuti litupitse tsaya, adzapite nawo msanga ku Lilongwe kapena ku Blantyre akaone ngati lingamatidwe, ndalama ya thiransipoti ndidzatumiza pa Mpamba. Amayi akuti ndisawononge ndalama pa mano a nkhalamba.

Botolo la Sobo lija likadali m'kabati, chimanga chatsala pang'ono kufika theka. Ndikaweruka usiku ndimatengako njere zitatu kapena zinayi, ndimazivumata mpaka zifewe, n'kutafunira kumanzere. Inu amene mukubwera kuno chaka chino, mukadutsa pa Ntcheu Amayi akakupatsirani botolo lina, musakane, ndipo musawauze zomwe adokotala adanena.